A Tcheya Apeza Mpando Kunja

Kwawo dzina lenileni la bambo amenewa linali litaiwalika kalekale. Aliyense ankangoti a Tcheya. Anali wapampando wa komiti ya sukulu, wa komiti ya chitukuko, wa komiti yomanga mpanda wa tchalitchi, komanso wa komiti ina imene inakhazikitsidwa kuti ifufuze chifukwa chimene mpandawo sunkathera. Akamayenda pa msewu moni ankachita kuwathamangira, ndipo pa ukwati kapena pa msonkhano mpando wa kutsogolo unkawadikirira ngakhale atachedwa bwanji.

Akazi awo anali namwino. Iwowa ndi amene anatsogola kupita kunja atapeza ntchito pa chipatala china chachikulu, ndipo patapita zaka zingapo, ana onse atakula n'kukhala paokha, anaitanitsa amuna awo. Pa tsiku lotsazikana a Tcheya analankhula mpaka chimkuzamawu chinasasa mawu iwo asanasase. Anatsimikizira anthu kuti sakupita kukadya za akazi awo ayi, akupita kukagawana nzeru ndi mitundu ina.

Anatera nthawi yozizira. Ku bwalo la ndege kunali akazi awo ndi mlamu wawo, mchimwene wa akaziwo, amene anali atakhalitsa m'dzikomo akuyendetsa galimoto yoperekera katundu m'makomo.

"Alamu, jekete lanu lili m'chikwama?" anafunsa mlamuyo atawayang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato zonyezimira.

"Iyi ndi suti, alamu. Ndinachita kusoketsa."

"Ndaiona. Koma mphepo ya kuno siidziwa suti."

Atangotuluka panja mano anayamba kuwombana okha. A Tcheya sanalankhulenso mpaka kukafika kunyumba, chinthu chimene akazi awo anali asanachionepo chikwatiranireni.

Nyumba yake inali fulati ya m'mwamba, m'chinyumba chosanja chokhalamo mabanja ambiri. Munali zipinda ziwiri, bafa, ndi khitchini yoti ukatsegula firiji chitseko sichitseguka. Khonde panalibe, bwalo panalibe, ngakhale mtengo woti munthu n'kuika mpando pansi pake.

"Nanga alendo amakhala pati, mayi?"

"Alendo ake ati, bambo?"

Yankho limeneli analimvetsa m'masiku otsatira. Chilankhulo cha m'dzikomo ankachidziwa, anachiphunzira kusukulu, ngakhale chinali cha m'mabuku ndi cha pa misonkhano. Tsiku loyamba kukwera chikepe anapezamo bambo wina atanyamula chikwama. A Tcheya anamupatsa moni, anamufunsa mmene wadzukira, mmene adzukira a kunyumba, ana, ndi makolo ngati akadalipo. Bamboyo anayang'ana kudenga, anadina batani, n'kutsika pomwe sankapita, kenako anamveka akukwera masitepe. Mayi wina anawamwetulira pa chitseko cholowera, iwo n'kuima kuti acheze, koma pomwe ankatsokomola kuti ayambe n'kuti mayiyo atakhota kale pa kona.

"Anthu a kuno aferedwa?" anafunsa madzulo ake.

"Ali bwinobwino. Ndi mmene alili," anatero akazi awo akuvula nsapato za kuntchito.

Lamlungu anapita ku tchalitchi ali ndi chikhulupiriro chonse, poti kumeneko ndiye alendo amaimiritsidwa kuti anthu awaone. Anakonzeratu mawu ochepa a mlendo. Anapeza chinyumba chachikulu chozizira, muli nkhalamba zowerengeka zitakhala motalikirana ngati zinayambana. Mapemphero anatha iwo asanamve kutentha, ndipo mlendo sanafunsidwe. Ku sitolo nakonso kunalibe wogulitsa woti unenerere naye mtengo. Munthu ankadzigulitsa yekha pa makina, ndipo a Tcheya atasokoneza, m'makinamo munatuluka mawu a mayi wina owadzudzula kuti aika katundu pamalo olakwika.

"Pepani, mayi," anatero a Tcheya akuvula chipewa. Kupatula akazi awo, ameneyu anali woyamba kuwalankhula sabata imeneyo.

Mlamu anawatengera ku ofesi ina yothandiza anthu kupeza ntchito. Mtsikana wa pa kompyuta anawafunsa zimene ankachita kwawo, ndipo iwo anayala makomiti onse mwa ndondomeko yake, osasiyako ndi imodzi yomwe. Mtsikanayo anamvetsera mwaulemu, kenako anati, "Zabwino kwambiri. Koma inuyo mumatha kuchita chiyani?"

"Kutsogolera."

"Pali malo olongedza katundu m'makatoni. Mumatha kuimirira nthawi yaitali?"

"Ndikamalankhula, inde."

Anatuluka atanena kuti akaganiza kaye.

"Mukamaganizapo muzichapako," anatero akazi awo m'mawa mwake, n'kuwaonetsa makina ochapira, pokhala sopo, ndi matumba a zinyalala. Malaya awo oyera onse anatuluka m'makinamo ali ofiirira chifukwa anawachapira limodzi ndi thawulo lofiira. Koma chimene chinawavula ulemu chinali zinyalala. Pansi pa chinyumbacho panali chipinda cha mabini, ndipo bini lililonse linali ndi ntchito yake: la mapepala, la mabotolo, la mapulasitiki ndi zitini, la zotsala za chakudya, ndi lina lakuda la zinthu zosowa mtundu. A Tcheya anaona kuti kumeneku n'kusowa chochita. Kwawo zinyalala zinali fuko limodzi. Anathira zonse m'thumba limodzi n'kuponya m'bini limene linali pafupi.

M'mawa mwake wina anagogoda. A Tcheya anadzambatuka: mlendo woyamba! Anavala jekete la suti mofulumira n'kutsegula. Panja panaima mayi wina wachikulire wa m'fulati ya pansi, dzanja lina litagwira chingwe cha kagalu kovala juzi, lina litagwira thumba lawo lija.

"Ili ndi lanu. Ndinakuonani pa windo."

"Takulandirani, mayi. Lowani."

Mayiyo sanalowe. Anamasula thumbalo pakhomo pomwepo n'kuyamba kuwaphunzitsa chimodzichimodzi: botolo uku, chitsekerero chake uko, khoko la nthochi kwina. Kagalu kankawayang'ana ngati kakuvomereza. Munthu amene anatsegulirapo mijigo ndi midadada ya sukulu anaima chilili akulangizidwa kutsuka chitini asanachitaye. Kwa eni kulibe mkuwe. Anathokoza, anatseka chitseko, n'kukhala pa mpando tsiku lonse osayatsa ngakhale wailesi.

Miyezi inapita. Mimba inaphwa, mawu anachepa. Ankaima pa windo kuonerera magalimoto, nthawi zina milomo ikugwedera yokha ngati akutsegulira msonkhano. Foni zochokera kwawo ankaziyankha mwachidule, kuti akadali pa zokambirana ndi mabungwe osiyanasiyana.

Tsiku lina akazi awo, akupakira chakudya cha kuntchito, anangoti, "Mawa madzulo kuli kamsonkhano ka anthu a m'nyumba muno. Ine sindipitako, n'kotopetsa."

A Tcheya makutu anaima ngati a bulu. "Msonkhano? Ajenda yake ndi yotani?"

"Kaya. Akuti kusankha wapampando kapena chiyani."

Suti inasitidwa tsiku lomwelo.

Msonkhanowo unachitikira pansi pa masitepe, pafupi ndi pomwe ankaimika njinga. Mipando panalibe, pemphero panalibe, mlembi panalibe. Panabwera anthu owerengeka, onse ali m'majekete ngati odikirira basi. Mayi wa kagalu analipo, komanso bambo wina wa ndevu zambiri amene ankaimba lipenga m'fulati ya pamwamba pa mayiyo. Wapampando amene ankatula udindo anali munthu woonda wa maso ofiira, wogwira ntchito ku banki.

"Ine ndatopa," anatero wa ku bankiyo. "Atenge ndani?"

A Tcheya ankayembekezera kuti anthu ayamba kutsinana, kunong'onezana, magulu kugawikana. Koma aliyense anayang'ana nsapato zake. A Tcheya anakonza tayi, anapita patsogolo, n'kuyamba monga amayambira munthu wodziwa zinthu.

"Abale anga, ine ndine mlendo pakati panu. Sindine woyenera konse udindo waukulu ngati umenewu. Pano pali ena anzeru kuposa ine."

Kwawo mawu amenewa ankatsatiridwa ndi mfuu ya anthu otsutsa, ndipo munthu ankakana kangapo asanalole. Kuno wa ku banki anangogwedeza mutu mwachisoni. "Tamva. Pali wina?"

"Komabe!" a Tcheya anakuwa mpaka kagalu kanauwa. "Komabe ngati anthu afuna, ndine ndani ine kuti ndikane?"

Manja onse anakwera m'mwamba nthawi imodzi, ena awiriawiri. Wa ku banki anatulutsa mpukutu wa makiyi, anawafumbatitsa a Tcheya ndi manja onse awiri misozi ikulengeza, kenako anakwera masitepe akuimba mluzu. Mawu othokoza a Tcheya anawalankhula kwa misana ya anthu ndi kwa njinga.

Atangolowa m'nyumba anaimbira foni achemwali awo aakulu, mayi wamasiye wa sitolo ya nsalu, amene nkhani ikafika kwa iwo ndiye kuti yafika kwa aliyense.

"Achemwali, andisankha."

"Ndinadziwa ine! Wa chiyani?"

"Wapampando wa anthu onse a kuno kumene tikukhala. Popanda wopikisana naye."

M'foni munamveka nthungululu. A Tcheya sananame, koma mawu akamayenda amanenepa. Sabata isanathe kwawo kunamveka kuti akulamulira mzinda wonse wa kunja. Asuweni amene anali asanaimbepo foni chichokereni anayamba kufunsa ngati ku ofesiko kukufunika dalaivala, mlonda, ngakhale wothirira maluwa.

Akazi awo anamvetsera nkhani yonse ya chisankho akumwa tiyi, kenako anati, "Mwafunsa kuti makiyiwo ndi otsegulira chiyani?"

Anali a chipinda cha mabini, a kabati ya matsache, ndi a bokosi la mchere wowaza pa masitepe a panja madzi akaundana. Wapampando ndiye ankakokera mabini ku msewu m'mawa wa tsiku lobwera galimoto ya zinyalala, n'kuwabweza ikapita. Ndiye ankasintha mababu akapsa, ndiyenso ankalandira madandaulo. Malipiro panalibe. Mlamu atamva anaseka mpaka anakhala pansi.

"Alamu, walira mvula walira matope!"

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, alamu," anayankha a Tcheya, koma mawu anatuluka ang'ono.

M'mawa woyamba anakoka mabini atavala suti. Pa bini la mabotolo nsapato zonyezimira zinaterereka, iwo n'kugwa chagada, bini n'kupitirira lokha mpaka pa msewu likulira ngati ngolo yathyoka. Mawindo angapo anatseguka pang'ono n'kutsekedwanso. Tsiku lomwelo anakabwereka kwa mlamu majombo ndi chijekete chowala chimene amavala ogwira ntchito mumsewu.

Koma munthu wobadwira mpando sasowa pokhala. Wina anataya mpando wa mu ofesi wothyoka gudumu limodzi, wina tebulo la miyendo itatu. A Tcheya anaziika pa kona ya chipinda cha mabini, mwendo wachinayi anasanjapo njerwa, pakhoma n'kupachika wotchi imene inali itatayidwanso. Anasesa, anakolopa, anawaza mankhwala onunkhira. M'mawa uliwonse akazi awo akanyamuka, iwonso ankatenga fulasiki ya tiyi n'kunena kuti akupita ku ofesi.

Apa ndiye anthu a m'nyumbamo anakumana nazo. M'chikepe munthu ankatha kuthawa, koma zinyalala aliyense amataya. Ukalowa ndi thumba lako unkapeza a Tcheya ali phee pa mpando, ndipo sunkatuluka usanafotokoze mmene wadzukira ndi mmene adzukira a kunyumba. Thumbalo ankalimasula pamaso pako. Munthu yemwe uja wa fuko limodzi tsopano ankatha kukubweza chifukwa cha kachitsekerero ka botolo. Ngakhale mayi wa kagalu tsiku lina anabwezedwa ndi katoni ya mkaka yosatsuka, ndipo tsiku limenelo a Tcheya anadya bwino.

Mlandu woyamba waukulu unali wa mayi yemweyo ndi bambo wa lipenga. Kwa zaka zambiri awiriwa ankakangana osaonana maso. Wa pamwamba akaimba lipenga, wa pansi ankagogoda kudenga ndi mpini wa tsache, kagalu n'kumauwa, wa pamwamba n'kukweza lipenga. Aliyense anabwera payekha kudzadandaula, akuyembekezera kuti wapampando akamuuza mnzakeyo mwakachetechete. A Tcheya anawaitana onse awiri tsiku limodzi, anawakhazika pa makireti a mabotolo, n'kutseka chitseko.

Anayamba ndi kuthokoza onse chifukwa chobwera. Anafotokoza mbiri ya lipenga, ubwino wa agalu, ndi tanthauzo la mawu oti mnansi. Anapereka chitsanzo cha mlandu wa malire a munda umene anaweruzapo kwawo, koma kuti chitsanzocho chimveke anayenera kulongosola kaye mibadwo ya mabanja onse awiri. Tiyi anazizira, kagalu kanagona. Wa lipenga anayang'ana mayiyo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, ndi maso a munthu amene akumira m'madzi.

"Ndiziimba masana okha," anatero.

"Ndavomera," anatero mayiyo msangamsanga.

"Dikirani, sindinafike pa mfundo yachiwiri," anatero a Tcheya.

"Tagwirizana kale! Si choncho, mayi?"

"Kwambiri!"

Anatuluka limodzi, wa lipenga atanyamula kagalu kuti afulumire. Patapita masiku anaoneka akumwa khofi pamalo ena apafupi, akusimbirana mavuto amene anawaona. Mbiri inafalikira m'nyumba monse, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wolakwira mnzake ankathamanga kukapepesa nkhani isanafike kwa wapampando. Munagwa mtendere woti sunaonekepo. A Tcheya anauza akazi awo kuti anthu a kuno ndi osavuta, ankangosowa utsogoleri.

Panali mmodzi yekha amene sankathawa, nkhalamba ina yopuma pa ntchito yoyendetsa sitima, yokhala yokha chimwalirireni mkazi wake. Inkabwera m'mawa uliwonse ndi botolo limodzi lokha, kuliponya m'bini, n'kukhala pa kireti. Mabotolo ena inkawasunga m'nyumba kuti isasowe chobwerera mawa. Makutu ake anali ovuta kumva, choncho a Tcheya ankalankhula mmene angafunire, iyo n'kumangogwedeza mutu, akugawana tiyi wa m'fulasiki.

Zinthu zinasokonekera pamene achemwali aja anaimba foni kuti akubwera. Chiphaso chinali chitatuluka, tikiti itagulidwa, ndipo anali atasoketsa zovala zoti adzajambulitse nazo mu ofesi ya mchimwene wawo.

Anafika ndi masutikesi oti m'nyumba munalibenso popondera. Atafunsa za ku ofesi, a Tcheya anati akupenta. Atafunsanso anati ndi tchuthi. Kenako anati alendo amafunika chilolezo chapadera. Akazi awo ankangotafuna chakudya chawo osakweza maso. Kunsi kuja nkhalamba ya sitima inkapeza mpando uli wokha n'kubwerera ndi botolo lake.

Koma galimoto ya zinyalala sidziwa kuti kwabwera alendo. Tsiku lake litafika a Tcheya anazemba m'mamawa, anavalira chijekete chowala ndi majombo pa masitepe, n'kuyamba kukoka. Achemwaliwo, amene tulo tawo tinali tisanazolowere nthawi ya kuno, anali ataima pa windo ndi kapu ya tiyi. Anaona wantchito wa zinyalala akukankha bini mumphepo, ndipo anamumvera chisoni. Kenako anaonetsetsa kayendedwe. Munthu amatha kubisa nkhope, koma kayendedwe kameneko, kotsogoza mimba ngati akukatsegulira chitukuko, kanali ka mwana wa mayi awo.

Pobwerera kudzatenga bini lomaliza, a Tcheya anapeza achemwali atakhala pa mpando wothyoka gudumu, atafunda bulangeti, akuyang'ana wotchi, tebulo la pa njerwa ndi makireti.

"Achimwene, ofesi ija ndi ino?"

"Achemwali, ndifotokoze. Choyamba..."

"Iwe, usandiyambitsire msonkhano ine. Ndinakubereka kumsana." Ulemu wa inu unathera pomwepo. "Ndakwera ndege, miyendo kutupa, kudzaona wapampando wa zinyalala?"

"Si zinyalala zokha. Palinso mababu."

Nthawi yomweyo mayi wa kagalu analowa ndi thumba lake. "Mwadzuka bwanji, a Tcheya? Kunyumba adzuka bwanji?" anatero mofulumira ngati wokhoma msonkho, n'kuonetsa katoni yotsukidwa bwino. A Tcheya anayang'ana achemwali awo mwachiyembekezo, koma iwo nkhope sinasunthe.

Mayiyo atatuluka, a Tcheya anakhala pa kireti n'kuvula magolovesi. "Chabwino. Mukapita mukawauze zoona. Ndatopa nazo foni za asuweni."

"Ndikawauze chiyani?" Achemwali anadzambatuka, bulangeti n'kugwa. "Wapenga? Ukudziwa pamene ndimakhala ine pa maukwati masiku ano? Kutsogolo, pafupi ndi keke! Abusa anakupempherera pa guwa, ine n'kuimirira anthu akuwomba m'manja. Mwana wanga wakwatiwa ku banja la madokotala, ndipo apongozi akewo amavula chipewa polankhula nane chifukwa amalume ake amalamulira mzinda wa kunja. Lero ndikanene kuti amakoka mabini? Akachite manyazi ndani? Iwe uli kuno, mphepo ikukubisa. Kavale suti."

"Tipite kuti?"

"Ku ofesi kwako."

Anakwera basi mpaka pakati pa mzinda, achemwali ali pa windo akusankha nyumba ngati akusankha nsalu. Ina anati yachepa, ina anati magalasi achuluka. Anatsika pa chinyumba china cha nsanamira zikuluzikulu, masitepe otambalala ndi zitseko zazitali. Palibe mwa iwo amene ankadziwa zochitika mkatimo, ndipo sanafunse.

"Ima apo. Dzanja limodzi m'thumba. Usaseke, anthu akuluakulu saseka. Loza uko ngati ukulamula."

A Tcheya analoza. Kumene analozako kunali bambo wina wa suti ataima pambali ndi mayi wachikulire wovala zatsopano, foni ili m'manja, akudikirira kuti masitepe apezeke. Anazindikirana nthawi yomweyo. Anali mwana wa kwawo komweko, amene mbiri yake inali yoti ndi manijala wa hotela yaikulu kunja. A Tcheya anali atamuonapo kuseri kwa lesitilanti ina akutaya madzi otsukira mbale, iyenso anali atawaonapo ndi mabini, koma masiku amenewo aliyense ankayang'ana kumbali.

"A Tcheya!" anatero bamboyo akuwerama pang'ono. "Ntchito ikuyenda?"

"Ikuyenda, a Manijala, kungoti misonkhano. Nanga ku hotela?"

"Alendo, bwana, alendo osatha. Awa ndi mayi anga, abwera kudzaona."

Azimayi awiriwo anapatsana moni waulemu n'kuyamikirana zovala, aliyense akuyang'ana mnzake m'maso osaphethira. Kenako anagwirizana kuti a Tcheya atenge nsanamira za kumanja, a Manijala za kumanzere, kuti zithunzi zikafika kwawo zisakafanane. A Manijala anajambula a Tcheya ndi achemwali awo, a Tcheya n'kujambula a Manijala ndi mayi awo, mpaka mlonda anatuluka n'kuwapempha kuti apereke njira kwa gulu la anthu odzaona mafupa a nyama zamakedzana.

Achemwali anabwerera kwawo foni itadzaza ndi zithunzi, ndipo zinakagwira ntchito yake. A Tcheya anabwerera ku mabini. Chaka chisanathe, kampani yoyang'anira nyumba za mumsewumo inamva kuti pali chinyumba china kumene anthu sadandaula ndipo mabini amachita kuwala. Inawalemba ntchito yosamalira nyumba zina zoyandikana, ya malipiro, ndi ovolosi yolembedwa dzina la kampani kumsana. Nkhaniyi pofika kwawo inali yoti awawonjezera mizinda ina.

Tchuthi cha akazi awo chitakwana, a Tcheya anakana kupita nawo kwawo. Anamva kuti anthu akukonza mdipiti wa magalimoto wodzawachingamira. Anati ntchito yachuluka. Akaziwo anapita okha, akuseka, atalumbira kuti wina akangowafunsa akanena zonse mmene zilili, chifukwa iwo zopusazi sanalowemo.

Anabwerako patatha mwezi atanenepa, khungu likusalala. Kumeneko sanagwire tsache kapena kunyamula chikwama. Anaitanidwa kukapereka mphatso ku sukulu, anakhazikidwa pa mpando wa khushoni, ndipo anamwino anzawo akale, ena amene ankawalamula, ankawatchula kuti Mayi Tcheya. Munthu amene zaka zonsezi ankatembenuza odwala ndi kuwasintha zofunda popanda womuthokoza, anakhala mwezi wathunthu akutsegulidwira zitseko za magalimoto.

Madzulo a tsiku lobwera, akumasula masutikesi, a Tcheya anafunsa mwamantha, "Ndiye munawauza, mayi?"

Akaziwo anatulutsa diresi yatsopano ya nsalu yonyezimira, mphatso yochokera ku sitolo ya achemwali aja, anaikung'untha, n'kudziyeza nayo pa galasi.

"Loweruka muli ndi chochita, bambo?"

"Ndikatsuka mabini a nyumba ya pa kona."

"Mukatsuke m'mawa. Masana muvale suti, tikwere basi. Anthu akufunsa chifukwa chake ine sindioneka pa zithunzi za ku ofesi. Ena ayamba kale kunena kuti mwina muli ndi mkazi wina kuno."

A Tcheya anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma akaziwo anali atagwada kale pa sutikesi ina, akufufuza nsapato zogwirizana ndi diresiyo.